Mlandu wa Malo ku Israel ndi Palestine: Zimene Anthu a kwa Ndake Akufunsa

Nkhani ya Israel imatifika kwa Ndake ndi njira ziwiri. Lamlungu timaimva paguwa, ndipo imakhala ya zaka zikwi zapitazo. Masiku enawa timaimva pawailesi kapena kuiona pafoni, ndipo imakhala ya dzulo lomweli. Ziwirizi zikakumana m'mutu mwa munthu mmodzi zimasakanikirana, mpaka ena kumayesa kuti Benjamin Netanyahu analowa ufumu wa Davide. Mafunso otsatirawa ndi amene amamveka pamsika wa nthochi pa Nyimba, m'basi ya ku Petauke ndi panja pa tchalitchi anthu akaweruka. Poyankha ndatsamira pa mfundo imodzi: uwu ndi mlandu wa malo, ndipo anthu a kuno, amene makolo awo anasamutsidwapo ndi Angerezi, iwo eni n'kulandirapo othawa nkhondo a ku Mozambique, angaumvetse kuposa momwe amadziganizira.

Kodi dziko akulimbiranalo ndi lalikulu bwanji?

Ndi laling'ono zedi. Israel, West Bank ndi Gaza mukaziphatikiza sizikwana masikweya kilomita 30,000. Chigawo chathu cha Kum'mawa chikhoza kuzimeza zonse, malo n'kutsalako ambiri. Koma pamene kalembera wa 2022 anapeza anthu pafupifupi 2.5 miliyoni m'chigawo chino, kumeneko kuli anthu pafupifupi 15 miliyoni, theka Ayuda, theka Aluya. Gaza payekha m'litali ndi makilomita 41, osafika n'komwe mtunda wa pa Nyimba kukafika pa Petauke, ndipo m'lifupi ndi makilomita 6 mpaka 12. Mmenemo muli anthu oposa 2 miliyoni. Mukamva kuti auzidwa kuti asamuke nkhondo isanawapeze, kumbukirani kuti uku kuli nyanja, uku kuli mpanda.

Apalestina sali malo amodzi. Pafupifupi 2 miliyoni ndi nzika za Israel. Amavota ndipo ali ndi aphungu awo m'nyumba ya malamulo, ngakhale amadandaula kuti amasalidwa pa za malo ndi chitukuko. Ena pafupifupi 3 miliyoni ali ku West Bank, pansi pa asilikali a Israel kuyambira 1967, ndipo savota pa chisankho cha boma limene limalamulira misewu, madzi ndi malire awo. Ndiye pali a ku Gaza, ndi mamiliyoni ena ku Jordan, Lebanon ndi Syria.

Nanga si Mulungu mwini anapereka dzikolo kwa ana a Abrahamu? Ife Akhristu tingatsutse bwanji?

Funso ili ndilo lolemera kwambiri kuno, ndipo sindilipeputsa. Buku la Genesis limanenadi za lonjezo kwa Abrahamu. Ayuda ali ndi mizu yakuya m'dzikolo: ku Jerusalem kunali kachisi wawo, amene Aroma anagwetsa m'chaka cha 70, ndipo ngakhale ambiri anabalalika, ena sanachokeko mpaka lero. Wonena kuti Ayuda ndi obwera chabe kumeneko akunama.

Komabe Israel wa lero ndi boma monga maboma ena. Anabadwa pa 14 Meyi 1948, ali ndi zipani, misonkho, nduna zokangana ndi nyuzipepala zodzudzula. Ambiri mwa amene analiyambitsa, monga David Ben-Gurion, sanali anthu opembedza kwenikweni. Netanyahu anayamba kuzengedwa mlandu wa ziphuphu m'khoti la dziko lake lomwe mu 2020, ndipo mu 2023 khamu la Aisraeli linkadzaza misewu ya Tel Aviv sabata ndi sabata kutsutsa boma lake. Ngati eni dziko akudzudzula boma lawo poyera, Mkhristu wa pa Kacholola sanachimwe akafunsa chimene ana akufera ku Gaza. Aneneri akale nawonso sankawanyengerera mafumu. Nkhani ya Naboti ndi ya mfumu imene inalanda munda wa munthu wamba, ndipo Eliya sanapite kukaiombera m'manja.

China chimene chimaiwalika paguwa n'chakuti pakati pa Apalestina pali Akhristu anzathu, ndipo mipingo yawo ndi yakale kuposa uliwonse wa kuno. Bethlehem ali ku West Bank. Nazareth ndi mzinda wa Aluya. Mu Okutobala 2023 bomba linagwera mumpanda wa tchalitchi cha St Porphyrius ku Gaza n'kupha anthu amene anathawiramo, ndipo mu Julayi 2025 tchalitchi chokhacho cha Akatolika kumeneko chinaomberedwanso. Papa Francis ankaimbira foni akhristu a parishi imeneyo pafupifupi usiku uliwonse mpaka atatsala pang'ono kumwalira.

Ponena za Afilisti a Goliati, amene ena amawasokoneza ndi Apalestina, amenewo anatha monga mtundu zaka pafupifupi 600 Yesu asanabadwe, Ababulo atapasula mizinda yawo. Apalestina a lero ndi zidzukulu za anthu amene akhala akulima tirigu ndi maolivi m'mapiri amenewo kwa mibadwomibadwo.

Ndiye unayamba liti mkanganowu, ngati si pa Isake ndi Ismayeli?

Kwa zaka 400, kuyambira 1517 mpaka 1917, dzikolo linali m'manja mwa ufumu wa Ottoman wa ku Turkey. Ochuluka anali Aluya achisilamu, panali Aluya achikhristu, ndi Ayuda ochepa. Moto unachokera ku Ulaya. Ayuda a ku Russia ndi maiko oyandikana nawo ankaphedwa ndi kuotcheredwa nyumba, ndipo mtolankhani wa ku Vienna, Theodor Herzl, anaitanitsa msonkhano ku Basel mu 1897 ndi uthenga wakuti Myuda sadzagona tulo mpaka atakhala ndi dziko lakelake. Mu 1903 Britain anawaloza malo kuno ku Africa, m'dera limene lero ndi Kenya, koma iwo anakana. Cha m'ma 1938 ndi 1939 kunakambidwanso zokhazika Ayuda othawa Hitler ku Mwinilunga, m'dziko lathu lomwe lino, ngakhale sizinapite patali. Pa zokambirana zonsezi eni nthaka sankafunsidwa, kaya a ku Kenya, kaya Alunda, kaya Aluya.

Pa 2 Novembala 1917 nduna ya Britain, Arthur Balfour, inalemba kalata yolonjeza Ayuda kwawo ku Palestine. Panthawiyo Myuda anali mmodzi pa anthu khumi aliwonse m'dzikomo, ndipo Angerezi omwewo anali atalonjeza kale Aluya ufulu akawathandiza kugonjetsa Ottoman. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha Britain anatenga dzikolo. Ayuda anayamba kufika ambiri, n'kumagula minda kwa eni chuma okhala kutali monga ku Beirut, ndipo alimi amene ankalima mindayo ankachotsedwamo. Aluya anaukira kuyambira 1936 mpaka 1939, Angerezi n'kuwaphwanya. Kenaka Hitler anapha Ayuda 6 miliyoni, ndipo otsalawo anapeza maiko ambiri atawatsekera zitseko.

Britain atatopa anautula mlanduwo kwa bungwe la United Nations, limene pa 29 Novembala 1947 linagamula kuti dzikolo ligawidwe pawiri. Ayuda, amene tsopano anali mmodzi pa atatu aliwonse, anapatsidwa magawo pafupifupi 55 pa 100. Atsogoleri awo anavomera, Aluya anakana, ndipo nkhondo inabuka, maiko a Aluya oyandikana nawo n'kulowererapo. Pomatha mu 1949, Israel anali ndi magawo 78 pa 100, Jordan atatenga West Bank, Egypt atatenga Gaza. Dziko la Apalestina silinabadwe.

Mwati makolo athu anaonapo zotere. Zinali liti?

M'ma 1895 kampani ya North Charterland Exploration inapatsidwa dera la masikweya mailosi 10,000 kuno kum'mawa kwa Luangwa, potengera mapepala amene Mjeremani wina, Carl Wiese, ankati anawapeza kwa Mpezeni. Kukula kwa deralo n'kofanana ndithu ndi Palestine yense wa nthawi ya Angerezi. Linayambira ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, n'kulowa mbali ya Petauke, kumene kunali mgodi wa golide wa Sasare. Achewa, Ansenga ndi Akunda amene ankakhalamo sanasainire chilichonse, ndipo Angoni atayesa kukana anagonjetsedwa ndi mfuti mu 1898.

Mu 1928 boma linadula marizevu. Midzi inachotsedwa pa nthaka yabwino n'kupanikizidwa pamodzi, nthaka inaguga, zokolola zinachepa, amuna n'kumathawira ku migodi ya ku Southern Rhodesia. Malo ambiri osungira azungu amene ankayembekezeka kubwera anangomera tchire, chifukwa azunguwo sanabwere. Mu 1941 boma linagula malo a kampaniyo n'kuyamba kubwezerako anthu. N'chifukwa chake mpaka lero munthu wa kuno akamva kuti mlendo wabwera ndi taitolo ya zaka 99 pa malo a mfumu, mtima umamugunda. Mlimi wa ku West Bank amene wauzidwa kuti phiri limene agogo ake ankadyetsapo nkhosa ndi la boma chifukwa alibe pepala, akumva ululu umene agogo athu anaumva.

Koma kufananaku kuli ndi polekera, ndipo wokukokera patali akusocheretsa anthu. Azungu a ku Fort Jameson anali ochepa, analibe manda a makolo kuno, sankathawa kupululidwa, ndipo anali ndi kwawo kobwerera. Ayuda ambiri a ku Israel anabadwira komweko, ndipo pafupifupi theka ndi ana ndi zidzukulu za amene anachoka kapena kuthamangitsidwa ku Iraq, Yemen, Morocco, Egypt ndi maiko ena a Aluya. Alibe London woti abwerereko. Mankhwala a 1964, akuti mtsamunda atsitse mbendera azipita, kumeneko sangagwire ntchito. Mitundu iwiriyi palibe umene udzachoke.

Othawa nkhondo a ku Mozambique anabwerera kwawo. Chikuletsa Apalestina n'chiyani?

Akuluakulu akukumbuka zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya Renamo ndi Frelimo inkatayikira kuno, midzi ya m'malire n'kumagona kutchire. Mu 1987 kunatsegulidwa malo a Ukwimi m'boma la Petauke la nthawiyo, ndipo anthu oposa 20,000 anakhazikidwa kumeneko, n'kupatsidwa minda. Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama atasainirana pangano ku Rome pa 4 Okutobala 1992, sipanapite zaka zitatu ambiri anali atabwerera ku Tete, ndipo Ukwimi anasanduka malo a alimi a kuno. Zinatheka chifukwa malo awo analipo, boma lawo linkawafuna, ndipo panalibe woopa kuchuluka kwawo.

Mu 1948 Apalestina pafupifupi 700,000 anachoka m'midzi yawo. Ena anathawa atamva za kuphedwa kwa anthu pamudzi wa Deir Yassin, ena anatulutsidwa ndi mfuti monga ku Lydda ndi Ramle. Iwo amatcha chaka chimenecho Nakba, kutanthauza tsoka lalikulu. Nkhondo itatha Israel anakana kuti abwerere, midzi yoposa 400 inapasulidwa kapena kukhalidwa ndi ena, ndipo lamulo la 1950 linaika minda ndi nyumba zawo m'manja mwa boma. Misasa ya matenti inasanduka midadada ya konkire. Lero UNRWA, bungwe la United Nations loona za Apalestina othawa kwawo, lili ndi maina pafupifupi 6 miliyoni m'kaundula wake, ndipo anthu ambiri a ku Gaza ndi zidzukulu za othawawo. Ena midzi ya agogo awo ili pamtunda woti n'kuyenda pansi tsiku limodzi.

Israel amayankha kuti onsewo atabwerera, Ayuda adzakhala ochepa m'dziko limene analimanga kuti asadzakhalenso ochepa pena paliponse. Apalestina amati munthu sataya kwawo chifukwa chothawa mfuti. Onse awiri akunena zimene amakhulupiriradi, ndipo pa mfundo zonse za mlanduwu iyi ndiyo yakanika kwambiri.

Kodi sanayesepo kukhala pansi?

Anayesapo, ndipo nthawi ina anafika pafupi. Pa nkhondo ya masiku asanu ndi limodzi mu Juni 1967 Israel analanda West Bank, Gaza, kum'mawa kwa Jerusalem, Sinai ndi mapiri a Golan. Kuyambira pamenepo maziko a zokambirana akhala akuti Israel abweze malo, anzake amuvomereze kuti alipo. Ndi Egypt zinatheka mu 1979, ndi Jordan mu 1994.

Pa 13 Seputembala 1993 mtsogoleri wa Israel, Yitzhak Rabin, ndi wa Apalestina, Yasser Arafat, anagwirana chanza ku Washington pa pangano la Oslo. Apalestina anapatsidwa kaboma kakang'ono koyang'anira matauni, pamene magawo 60 pa 100 a West Bank anatsala m'manja mwa Israel, ati kwa kanthawi. Nkhani zovuta, za Jerusalem, malire ndi othawa kwawo, anati adzakamba m'zaka zisanu. Okana mtendere a mbali zonse sanagone. Mu 1994 Myuda wina anapha Asilamu 29 akupemphera ku Hebron, Hamas inayamba kuphulitsa mabasi, ndipo pa 4 Novembala 1995 Rabin anaomberedwa ndi Myuda mnzake. Msonkhano wa ku Camp David mu 2000 unalephera, n'kutsatira zaka zisanu za magazi zimene zinapha Aisraeli pafupifupi 1,000 ndi Apalestina oposa 3,000. Zokambirana zomaliza zenizeni zinafa mu 2014.

Nthawi yonseyi Israel wakhala akumanga midzi ya nzika zake pa malo amene analanda. Pa nthawi ya Oslo okhalamo anali osakwana 300,000. Lero aposa 700,000, kuphatikizapo a kum'mawa kwa Jerusalem, ali ndi misewu yawoyawo ndi asilikali owalondera. Zili ngati mlandu wa munda umene ukungoimitsidwa pabwalo la mfumu chaka ndi chaka, pamene mmodzi wa okanganawo akusuntha malire n'kumabzalamo mango. Tsiku lodzagamula, mitengo idzakhala itabereka. Mu Julayi 2024 khoti lalikulu la United Nations ku The Hague linanena kuti kukhala kwa Israel m'malo amenewa n'kosemphana ndi malamulo ndipo midziyo iyenera kuchoka. Israel anakana.

Nanga Hamas ndi ndani, ndipo pa 7 Okutobala panachitika zotani?

Hamas ndi gulu lachisilamu limene linayamba ku Gaza mu 1987, lili ndi mbali ya ndale ndi ya zida, ndipo chikalata chake cha 1988 chinkakana zoti Israel akhalepo. Israel atachotsa asilikali ndi midzi yake ku Gaza mu 2005, Hamas inapambana chisankho cha 2006, anthu atatopa ndi katangale wa chipani cha Fatah, ndipo mu 2007 inalanda Gaza ndi mfuti. Israel ndi Egypt anatseka zipata. Chichokereni pamenepo Apalestina sanasankhenso aphungu. Mahmoud Abbas, amene anasankhidwa mu 2005 kuti atsogolere kaboma ka Apalestina zaka zinayi, anakwanitsa zaka 90 zakubadwa akadali pampando.

Pa 7 Okutobala 2023 ankhondo a Hamas anaboola mpanda n'kupha anthu pafupifupi 1,200, ambiri anthu wamba, ena m'nyumba zawo, ena kudansi, ndipo anagwira ena pafupifupi 250 n'kupita nawo ku Gaza. Mwa ophedwawo munali anyamata awiri a ku Tanzania amene anapita kukaphunzira ulimi. Palibe mbiri ya kuponderezedwa imene ingatsuke magazi amenewo.

Kubwezera kwa Israel kunatenga zaka ziwiri. Pofika kumapeto kwa 2025 unduna wa zaumoyo ku Gaza unali utawerenga akufa oposa 70,000. Chiwerengerochi sichisiyanitsa wankhondo ndi munthu wamba, koma mabungwe a United Nations amachidalira, ndipo akazi ndi ana ndi ochuluka mmenemo. Pafupifupi aliyense anasamuka, ambiri kangapo. Israel amati Hamas imabisala m'njira zokumba pansi pa nyumba za anthu, ndipo njirazo zilipodi. Koma kutseka chakudya kwa anthu 2 miliyoni, monga zinachitikira kuyambira Marichi mpaka Meyi 2025, si kumenya Hamas. Ife amene tinaona chilala cha 2024 tikudziwa amene amayamba kufooka chakudya chikasowa. Mu Ogasiti 2025 akatswiri analengeza kuti mumzinda wa Gaza muli njala yakupha. South Africa inakasuma ku The Hague mu Disembala 2023 kuti Israel akupulula mtundu, zimene Israel amakana kwamtuwagalu, ndipo mu Novembala 2024 khoti lina la milandu ya nkhondo linalamula kuti Netanyahu, nduna yake yakale ya chitetezo Yoav Gallant ndi mkulu wa nkhondo wa Hamas, Mohammed Deif, amangidwe.

Dziko lathu lili mbali iti?

Lasinthapo mbali, ndipo kawirikawiri motsata amene ali ku State House. Zaka zoyamba za ufulu Israel anali bwenzi. Alangizi ake anathandiza makopaletivu a alimi ku Kafubu ndi Kafulafuta ku Copperbelt. Mu Okutobala 1973 Kenneth Kaunda anathetsa ubalewo pamodzi ndi maiko ambiri a mu Africa, poima ndi Egypt amene Sinai wake anali atalandidwa. Kamuzu Banda ku Malawi sanatero, monganso Lesotho ndi Swaziland. Chinawawitsa mtima kwambiri n'chakuti Israel anayandikana ndi boma la tsankho la South Africa, mpaka kulandira mtsogoleri wake John Vorster mu 1976. Zambia inavomereza dziko la Palestine mu 1988, ndipo Nelson Mandela atafika ku Lusaka mu Febuluwale 1990, atangotuluka m'ndende, Arafat anali mmodzi mwa omuchingamira pabwalo la ndege.

Frederick Chiluba anabwezeretsa ubale ndi Israel mu Disembala 1991, mwezi womwewo umene analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu. Ofesi ya kazembe wathu ku Tel Aviv inatsegulidwa mu 2015, Hakainde Hichilema anakachezako mu 2023, ndipo mu Ogasiti 2025 nduna ya Israel, Gideon Sa'ar, inabwera kudzatsegulanso ofesi yawo ku Lusaka patapita zaka 52. Ofesi ya Palestine nayo ikadalipo mumzindamo. Ubale pawokha si cholakwa. Tikufuna luso la mthirira, ndipo Egypt ndi Jordan nawonso ali pa ubale ndi Israel. Koma mwambowo unachitika sabata lomwe njala inalengezedwa ku Gaza, ndipo dziko limene linasunga ANC, ZAPU ndi SWAPO, n'kuphulitsidwa chifukwa cha iwo, linayenera kulankhula mokweza kuposa momwe linachitira.

Pano ndionjezepo mawu amodzi kwa amene amasokoneza Myuda ndi boma la Israel. Simon Zukas, Myuda wobadwira ku Lithuania, anathamangitsidwa m'dziko muno ndi Angerezi mu 1952 chifukwa chomenyera ufulu wathu, ndipo anabwerera kudzakhala nduna. Kudana ndi Ayuda chifukwa cha Gaza n'kupusa kofanana ndi kudana ndi Msilamu wa sitolo pa Petauke chifukwa cha Hamas.

Tinene zoona: mtendere udzabwera?

Mu Okutobala 2025 mbali ziwirizi zinavomera kuleka kumenyana, pa dongosolo la Donald Trump, ankhoswe ake ali Egypt, Qatar ndi Turkey. Ogwidwa 20 amene anali moyo anamasulidwa, Israel n'kutulutsa akaidi achipalestina pafupifupi 2,000. Koma chaka chimatha asilikali a Israel akadali pa theka la Gaza, Hamas isanatule zida, anthu akufabe apo ndi apo. Mfuti zinachepa kulira, koma mlandu wa malo sunakhudzidwe n'komwe.

Njira imene maiko ambiri, kuphatikizapo Zambia, amanena ndi ya maiko awiri oyandikana. Maiko oposa 150 avomereza dziko la Palestine, ndipo Britain mwiniwake anatero mu Seputembala 2025, patapita zaka 108 chilembereni kalata ya Balfour. Vuto ndi nthaka yoti dzikolo likhalepo. Mu Julayi 2024 nyumba ya malamulo ya Israel inavota kukana dziko la Palestine, ndipo mu Ogasiti 2025 boma linavomereza kumanga nyumba zikwi zingapo pamalo otchedwa E1, zimene zidzadula West Bank pakati. Nduna ya zachuma, Bezalel Smotrich, sinabise kuti cholinga n'kukwirira ganizo la maiko awiri. Ena amati ndiye likhale dziko limodzi, munthu aliyense voti imodzi, monga South Africa mu 1994. Ayuda ambiri amaona zimenezo ngati kudzikumbira manda, makamaka chichitikireni za 7 Okutobala, ndipo Apalestina ambiri sakhulupirira kuti angadzakhale ofanana ndi amene anawagwetsera nyumba.

M'kuona kwanga, zaka zikubwerazi zidzafanana ndi zapitazi: mbali imodzi yamphamvu ikulamulira, inayo ikuphulika pakapita nthawi. Sindikuti zidzatero mpaka muyaya. Egypt ndi Israel anamenyana mu 1973, koma mu 1977 mtsogoleri wa Egypt, Anwar Sadat, anali ku Jerusalem, ndipo mu 1982 Israel anagumula midzi yake ku Sinai. Kwa anansi athu ku Mozambique nkhondo inatha pamene owapatsa zida, South Africa uku ndi Soviet Union uko, analeka. Pa mlandu uwu America amapatsa Israel zida za madola 3.8 biliyoni chaka chilichonse, ndipo Iran wakhala akudyetsa Hamas ndi gulu la Hezbollah la ku Lebanon. Choncho pomvera wailesi musatengeke ndi zithunzi za atsogoleri akugwirana chanza. Tcherani khutu ngati kumanga midzi ku West Bank kwaima, ngati Apalestina aloledwa kusankha atsogoleri atsopano, ndiponso ngati America wayamba kuika malire pa zida zake. Dzina loti mulisunge ndi la Marwan Barghouti, amene ali m'ndende ya Israel kuyambira 2002 ndipo pambuyo pake anapezeka wolakwa pa milandu yakupha, koma amatsogola pafupifupi nthawi zonse Apalestina akafunsidwa amene angamuvotere. Hamas inapempha kuti atuluke mu 2025, Israel anakana.

Mwana wanga wamva kuti ku Israel kuli ntchito za kumunda. Ndimulole?

Ntchitozo zilipodi, ndipo zinachuluka chifukwa cha nkhondo yomweyi: antchito ambiri a ku Thailand anathawa, ndipo Apalestina analandidwa zilolezo zogwirira ntchito. Malawi anatumiza achinyamata 221 mu Novembala 2023, ena n'kutsatira, ndipo mu Epulo 2024 anatsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv. Malipiro ake amaposa a kuno kutalitali, koma ena anadandaula kuti zimene ankalandira sizinafanane ndi zimene analonjezedwa, ndipo mu Meyi 2024 khumi ndi awiri anabwezedwa kwawo chifukwa chochoka pa mafamu awo kukagwira ntchito kwina. Chilolezo chimamangirira munthu ku ntchito imene anapitira. Akachoka, wasanduka wolowa mozemba.

Asanalipire ngwee ngakhale imodzi, mwanayo akafunse ku ofesi ya zantchito ngati womulembayo ndi wovomerezeka ndi boma. Aone kontrakiti yolembedwa, adziwe zimene azidula za nyumba, ndege ndi inshuwalansi, ndipo pasipoti asapatse munthu kuti amusungire. Afunsenso dzina la famuyo n'kuliona pamapu. Minda yambiri ili m'malire a Gaza ndi Lebanon, kumene antchito akunja anafera pa 7 Okutobala ndi miyezi yotsatira, ndipo ina ili m'chigwa cha Jordan ku West Bank, pa malo omwe akukanganiranawo.